Buledi wa Lumbiro

1. Foni ya m'khola

Uthenga unandipeza m'mawa ndikukama ng'ombe. Manja onse awiri anali pa mawere a ng'ombe, choncho foni italira ndinangoidina ndi kachala kamodzi kuti izilankhula mokweza, n'kuisiya pa mpanda. Ndikanadziwa, ndikanayamba ndapukuta manja.

Anali Ulan, mwamuna wanga. Iye ndi bambo ake ankagwira ntchito ku Moscow, monga amuna ambiri a m'mudzi mwathu muno m'mapiri a ku Naryn, dziko la ife Akirigizi.

"Syrga, uli wekha?"

"Ndili ndi ng'ombe. Nayonso ikupereka moni."

Sanaseke.

"Bambo atisiya. Mtima unangoima dzulo ali pantchito. Ine ndikuthamangira zoti ndibwere ndi thupi. Tamvera, amayi asadziwe. Bambo aakulu ndawauza kale, akubwera kumeneko. Iwe tseka pakamwa."

Kumbuyo kwanga kunagwa chinthu. Nditacheuka ndinaona Begimai, mlongo wake wa Ulan, mtsikana wa zaka khumi, zisanu ndi chimodzi. Anali pakhomo la khola. Chidebe chimene ankandibweretsera chinali kugubuduzika pa ndowe.

"Alamu," anatero, "achimwene akuti chiyani?"

"Wamva, mlamu wanga."

Sanalire. Anatola chidebe chija, n'kuyamba kuchipukuta ndi udzu. Anachipukuta mpaka kalekale, ngakhale chinali chitayera.

Inenso sindinalire. Mwana wanga Esen anali akadayamwa, ndipo kwathu amati misozi ya mayi imasasitsa mkaka. Ndinameza zonse, n'kumaliza kukama.

2. Kuseri kwa mulu wa udzu

Bambo aakulu, mkulu wawo wa apongozi anga aamuna, anafika pa hatchi dzuwa litakwera. Anapereka moni kwa amayi m'nyumba, anamwa tiyi kapu imodzi, n'kunena kuti akufuna kuona ngati udzu wa ziweto wauma. Kumeneko n'kumene anatiitanira awirife.

Atamva kuti Begimai wadziwa, anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinayang'ana nsapato zawo.

"Chabwino, zachitika," anatero. "Tsopano mverani, ana inu. Uthenga wa imfa sunyamulidwa ndi mwana, sunyamulidwanso ndi mtengwa. Makolo athu Akirigizi sanali opusa pamene anakhazikitsa zimenezi. Uthenga wotere uli ngati madzi owira. Ukawakhuthulira m'kapu yozizira, kapuyo imang'aluka. Amayi anu anagwa pakhomo paja nyengo yachisanu yathayi. Dzanja lamanzere mpaka lero siligwira bwino. Adokotala anati chiyani? Anati akagwanso kachiwiri sadzadzuka. Ndiye mukufuna tikumbe manda awiri?

"Mawa masana alongo awo afika kuchokera kumzinda wa Bishkek. Namwino abwera ndi jakisoni wake. Akuluakulu akhala pansi, ndipo tidzawauza pang'onopang'ono monga mwa mwambo, pali manja owagwira. Kufikira nthawi imeneyo, bambo anu ali moyo. Akafunsa, ali bwino. Akafunsanso, ali bwino kwambiri. Musamayang'ane mawu otuluka m'kamwa, muziyang'ana chimene mawuwo akukachita kumene akupita. Bodza losunga moyo wa munthu ndi mankhwala. Zoona zopha munthu ndi mpeni basi, ngakhale uzitchule dzina lokongola."

"Bambo sankatero," anatero Begimai.

Ndinadziwa chimene ankanena, chifukwa tsiku limenelo ndinalipo. Linali tsiku limene apongozi ankanyamuka. Tinawaperekeza kumsewu, ndipo tikudikira basi anamugwira Begimai paphewa, n'kumuuza kuti:

"Mwana wanga, ine ndikupita kutali, sindiziona zimene ukuchita. Ndikusiyira chinthu chimodzi. Amayi ako usawanamize, kaya pa chaching'ono, kaya pa chachikulu. Usamayambe waganiza kuti bodza ili lithandiza ndani, chifukwa munthu akayamba kuganiza choncho amapeza yankho limene ankalifuna kale. Ukafika pamphambano usafunse kuti njira iyi ikathera kuti. Sudziwa iwe, sindidziwa ine, adziwa Mulungu yekha. Funsa kuti kodi phazi langa likuyenera kuponda apa? Zimene zidzachitike mawa si zako. Mawu a m'kamwa mwako ndiwo ako."

Begimai anabwereza mawuwo onse osaphonya. Bambo aakulu anamvetsera mpaka kumapeto, akusisita ndevu.

"Mng'ono wanga anali munthu wolungama," anatero. "Koma apo ankanena za kubisa mayeso olephera ndi kuzemba kukacheza ndi anzako. Akanakhala pano akanakuuza yekha kuti sunga amayi ako."

"Sali pano."

"N'chifukwa chake ndikulankhula ine. Tsiku limodzi lokha, mwanawe. Udzandida mawa, amayi ako ali moyo."

3. Phukusi la ku Moscow

Tsiku limenelo amayi ankamanga phukusi la amuna awo. M'mudzi mwathu muli dalaivala amene amapita ku Moscow, ndipo aliyense amamupatsira kanthu ka abale ake. Amayi anayala nsalu pansi n'kuikapo uchi, masokosi aubweya amene analuka ndi dzanja limodzi ndi theka, ndi thumba la kurut, timibulu touma ta mkaka wowawasa.

"Nkhalamba ija imati kurut wa kumsika amakoma ngati choko," anatero. "Begimai, gwira apa ndimange. Gwira bwino, manja ako ali ngati a munthu wakuba nkhuku."

Ine ndinkawayang'anitsitsa. Ndinkayang'ana mtsempha wa pakhosi pawo, khungu la nkhope, ndi dzanja lodwala lija. Ndikatero ndinkathamangira kukaona ngati Esen akupuma bwino m'kabedi kake, n'kubwereranso. Nawonso amayi ankatiyang'ana. Ndinazindikira mochedwa.

Madzulo dzuwa lisanalowe tinakhala pa chakudya. Apongozi aamuna ankaimba foni tsiku lililonse nthawi imeneyo. Amayi anaika foni yawo pafupi ndi mbale ya shuga. Sinalire.

"Dzulo zii, lero zii," anatero. "Wapeza mkazi wachirasha wopaka milomo. Mkaziyo amutenge, aone mmene nkhalambayo imalizira mkonono."

"Ulan anati foni ya bambo inagwera m'madzi," ndinatero. Bodzalo linatuluka losalala, ngati ndinalikonza kale. Ndinachita nalo mantha.

"Inagwera m'madzi. Nanga ya Ulan inagweranso m'madzi omwewo, kuti bambo ake asabwereke?"

"Akugona kosiyana sabata ino, amayi."

Amayi anaika kapu pansi.

"Alamu anga abwera lero, amwa kapu imodzi yokha, munthu amene amamaliza ketulo yekha. Mtengwa wanga wathira mchere kawiri m'msuzi. Mwana wanga sanandiyang'ane kumaso chiyambire m'mawa. Iwe Syrga, maso ako ndi othamangathamanga kuyambira tsiku limene unalowa m'nyumba muno, sinditha kuwawerenga. Koma uyu ndinabala ndekha. Uyu sanandinamizepo."

Anatambasula dzanja labwino, n'kutenga buledi wozungulira amene ndinaphika m'mawa. Ananyema chidutswa, n'kuchiika m'manja mwa Begimai, n'kufumbatitsa zala zake.

Kwathu munthu akhoza kulumbira pa dzina la agogo ake, anthu n'kumaseka. Koma pa buledi salumbira mwamasewera. Ngakhale chidakwa sichiyerekeza.

"Nena," anatero amayi. "Nena kuti buledi andikanthe ngati bambo anga sali bwino."

Begimai anayang'ana buledi uja. Nkhope ya amayi inali itafiira mpaka m'makutu. Mtsempha wa pakhosi unkagunda moonekera. Namwino anali kutsidya kwa mtsinje. Galimoto panalibe.

Begimai anakweza maso, n'kuyang'ana ine.

Ndinali kumbuyo kwa amayi, ketulo ili m'manja. Ndinagwedeza mutu. Pang'ono chabe, kamodzi.

"Bambo ali bwino," anatero Begimai. Mawu ake anali owuma. "Buledi andikanthe."

Amayi anapuma mpweya wautali. Kenako anaseka mpaka misozi, akudzimenya pantchafu.

"Ukalamba ndi matenda. Ndinalota dzino langa litagweluka, ndiye tsiku lonse mtima uli m'mwamba. Idya bulediyo, mwanawe, usangomufumbata. Syrga, bweretsa msuzi wako wamcherewo."

Anadya mbale ziwiri. Kufiira kuja kunatsika, mtsempha unakhazikika. Begimai anaika buledi uja m'thumba la juzi.

4. Mpango wofiira

M'mawa mwake amayi anadzuka akung'ung'udza nyimbo. Anatsegula bokosi lawo n'kutulutsa mpango wofiira wamaluwa umene amuna awo anawatumizira chaka chatha.

"Lero kutsidya kuli phwando loika khanda m'kabedi," anatero. "Ndimati sindipita chifukwa cha maloto aja. Tsopano ndipita. Valani, nonse awiri."

Ndinathamangira kwa bambo aakulu. Ndinkaganiza kuti aletsa.

"Apite," anatero. "Zatithandiza. Ife tipeza mpata wokonza pabwalo. Muwasunge komweko mpaka nditumize munthu."

"Bambo, akavina," ndinatero.

"Kuvina sikupha."

Begimai anali atanditsatira. "Amuna awo ali m'bokosi," anatero, "iwo ali paphwando ndi mpango wofiira. Anthu adzati chiyani? Eni ake adzati chiyani akadzadziwa?"

"Adzakwiya. Munthu wokwiya ndi wamoyo."

Tinapita. Pa mlatho Begimai anayenda pambali panga, amayi ali patsogolo.

"Alamu, munagwedeza mutu."

"Ndinagwedeza."

"Mukanapanda kugwedeza, sindikudziwa chimene ndikananena."

"Unawapulumutsa, mlamu wanga. Unaona nkhope yawo."

"Ndinaona. Koma buledi uja ndikadali naye." Anagwira thumba la juzi. "Ndimati ndipatse mbalame. Ndalephera."

Kuphwando zinthu zinavuta msanga. Mafoni alibe mwambo. Ana a m'mudzi umenewo amene ali ku Moscow anali atauza kale makolo awo. Titangolowa, phokoso la amayi m'chipinda linatsika ngati moto wothiridwa madzi. Mwini nyumba anathamanga kudzatilandira, akumwetulira ndi mano okha. Ine ndinagwira ketulo n'kuyamba kuthira tiyi monga mtengwa aliyense, Esen ali pa chifuwa, ndipo aliyense amene ndinamupatsa kapu ankandifunsa ndi maso. Ndinkayankha ndi maso omwewo kuti ayi, sakudziwa.

Khanda linaikidwa m'kabedi, maswiti anamwazidwa, ana anakanganirana. Kenako mayi wina wokalamba, wosamva bwino, amene mwina sanauzidwe kanthu, anakweza mawu poitana apongozi anga ndi dzina.

"Burul, unkatiimbira pa ukwati wa aliyense. Wakalamba kodi?"

"Wakalamba ndi iweyo," anayankha amayi. "Ine mwamuna wanga akadanditumizira mipango."

Anaimirira, n'kukonza mpango uja, n'kuimba. Inali nyimbo ya mkazi amene akudikira mwamuna wake pa chipata, akumunyoza kuti hatchi yake ndi yaulesi. Anaimba bwino. Anatambasula ngakhale dzanja lodwala lija. Amayi ena anaomba m'manja pang'onopang'ono, mitu ili pansi. Mmodzi anadzuka n'kutuluka, atatseka pakamwa ndi nsalu.

"Uyo watani?" anafunsa amayi.

"Utsi wa kukhitchini," wina anayankha msanga.

Tsopano chipinda chonse chinali kunama. Bodza lija linali litayamba ndi ine, n'kudutsa m'manja mwa mwana, ndipo apa linali litakwana aliyense ngati tiyi.

Begimai anakhala pakona. Patsogolo pake panali nyama, maswiti ndi buledi wambiri. Sanakhudze kanthu.

5. Pabwalo

Munthu wa bambo aakulu sanafike pa nthawi yake, kapena amayi ndi amene anafulumira. Anangoti, "Dalaivala uja anyamuka madzulo ano, phukusi langa likadali m'nyumba." Ndinayesa zonse. Ndinati Esen akugona, tisamudzutse. Ndinati nyama ina ikubwera. Anandiyang'ana, n'kunyamula kathumba ka maswiti kamene anapatsidwa, n'kutuluka.

Titakwera kamtunda ka pafupi ndi kwathu, bwalo lonse linaonekera.

Amuna anali kuimika bozui, nyumba yozungulira yansalu zaubweya. Mitengo yake yofiira inali itaima kale, ndipo anali kukweza denga. Kumpanda kunali hatchi yonenepa yomangidwa payokha, yoti iphedwe. Pamsewu panali galimoto ya alongo awo a ku Bishkek.

Kwathu bozui saimika pabwalo popanda chifukwa. Ngati palibe ukwati, aliyense amadziwa chimene chatsala.

Amayi anaima. Kathumba ka maswiti kanagwa. Palibe amene anawauza kanthu. Mawu onse amene akuluakulu anakonza, oyambira kutali, ofika pang'onopang'ono, sanagwire ntchito.

Anakweza dzanja labwino, n'kuvula mpango wofiira uja. Anaupinda bwinobwino. Kenako anakhala pansi pa msewu, okha, osagwa.

Namwino anathamanga ndi chikwama chake. Alongo awo anathamanga. Amuna a pabwalo, ataona kuti zadziwika, anayamba kulira mokweza monga mwa mwambo, ataweramira ku bozui. Pamenepo amayi nawonso anatulutsa mawu. Sindinamvepo mawu otere. Ndinatseka khutu la Esen ndi chikhatho.

Jakisoni anabayidwa. Anawanyamula n'kuwalowetsa, anawaveka zakuda. Patapita nthawi namwino anatuluka n'kunena kuti magazi akwera koma atsika, palibe choopsa.

Bambo aakulu anatipeza pafupi ndi khola. Maso awo anali ofiira. Nawonso anali atalira mng'ono wawo.

"Mwaona, ana inu? Ali moyo. Namwino anali pafupi, alongo awo anali pafupi. Dzulo madzulo kukanakhala ndani? Tinachita bwino."

"Mwina dzulonso akanakhala moyo," anatero Begimai.

"Mwina. Koma pa moyo wa amayi ako ine sindikanaseweretsa mwina."

"Nanga nyimbo imene aimba kuphwando ija? Munaidziwa kuti ibwera?"

Bambo aakulu anasisita ndevu. Kenako anati, "Sindinaidziwe."

"Bambo ankatero. Ankati sitidziwa."

"Ankatero. Koma ngakhale osadziwa, munthu amayenera kusankha. Ine ndinasankha, iwenso unasankha. Udzandiuze ukadzakula ngati pali njira imene ilibe minga."

Asanamalize, mayi wina anatuluka m'bozui. "Begimai, amayi ako akukufuna."

Ndinamutsatira mpaka pakhomo, n'kuima kumbuyo kwa amayi ena. M'katimo amayi anakhala choyang'ana kukhoma monga amakhalira amasiye. Atamva mapazi anatembenuka. Nkhope yawo inali itatupa, koma mawu anali odekha.

"Bwera pafupi. Dzulo, buledi ali m'manja mwako, unkadziwa?"

"Ndinkadziwa, amayi."

"Lero m'mawa, ndikuvala mpango uja?"

"Ndinkadziwa."

"Ndikuimba?"

Begimai anagwada. Anapisa m'thumba la juzi, n'kutulutsa chidutswa chija. Chinali chitauma, chitafumbutuka m'mbali. Anachiika pa mphasa yaubweya patsogolo pa amayi ake.

"Ndinaopa kuti mufa," anatero.

"Ndikudziwa chimene unaopa. Mwina ndikanafadi, sindikukana. Koma m'nyumba muja munali munthu mmodzi amene akati kunja kuli dzuwa sindinkasuzumira pawindo. Tsopano ndizisuzumira. Amayi onse aja anandiona ndikuimbira mtembo. Zimenezo adzaiwala, anthu amaiwala. Koma ine mawa ukadzandiuza kuti achimwene ako ali bwino, ndidzagwira chiyani? Ngakhale buledi wolumbirira ndamaliza."

Begimai ankalira tsopano, kwa nthawi yoyamba chimvereni uthenga uja, mopanda phokoso.

Amayi anatola chidutswa chija, n'kuchipsompsona, n'kuchikhudzitsa pamphumi monga timachitira ndi buledi wogwa pansi. Anachisunga m'manja.

"Ndimakudziwa, mwana wa bambo ako," anatero. "Wekha sukanatha. Usananene mawu aja unayang'ana kumbuyo kwanga. Unayang'ana ndani?"

Begimai sananame, ndipo sananene. Anangoweramitsa mutu mpaka pa mawondo.

Esen anasankha nthawi yomweyo kuti alire. Ndinayesa kumutontholetsa, koma amayi anali atayamba kale kutembenuza nkhope, pang'onopang'ono, kudutsa mipango yakuda ya amayi onse aja, mpaka maso awo anandipeza pakhomo.